Amuna anga anditulutsa m'nyumba, ana atenga, ndalama ya loya ndilibe: ndiyambire pati?

Funso ili latumizidwa ndi mayi wina wa ku Lilongwe, dzina tasunga. Akuti: "Ine ndi amuna anga tinapanga chinkhoswe mu 2016, ku tchalitchi kapena kwa DC sitinapiteko. Tili ndi ana atatu, wa zaka 8, wa zaka 6 ndi wina wa zaka ziwiri. Bambowa apeza mkazi wina ndipo mwezi watha anditulutsa m'nyumba, pano ndikusungidwa kwa achemwali anga ndi kamwana kakang'onoko, awiri aja anawatumiza kumudzi kwa amayi awo mpaka sukulu yawo asiya, akuti ndiiwaleko za anawo poti sindili pantchito. Nyumba tinamanga limodzi, malata ndinagula ndine ndi ndalama za banki mkhonde koma mapepala a puloti ali m'dzina lawo. Ine ndimagulitsa kaunjika. Kodi chinkhoswe ku khoti amachiwerengera ngati ukwati? Ana andilanda basi? Nanga loya ndimupeza bwanji ine wopanda ndalama?"

Mayi pepani, pepani ndithu. Mwafunsa zinthu zitatu koma ine ndiyamba ndi ana chifukwa ndi pomwe pakufunika changu, za nyumba ndi za kutha kwa banja zikhoza kudikirako pang'ono koma za ana ayi.

Palibe lamulo m'dziko muno lomwe limati kholo losauka lilandidwe ana. Palibe. Mawu aja oti "suli pantchito nde uwadyetsa chani" ndimawamva kawirikawiri pa ntchito yangayi, ndipo amayi ambiri amawakhulupirira mpaka kungokhala pansi osapita kulikonse, zomwe zimandiwawa kwambiri chifukwa lamulo likunena zina. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, lija la Child Care, Protection and Justice Act, limauza khoti kuti poweruza komwe mwana azikhala liziyang'ana chomwe chili chabwino kwa mwanayo osati chokomera bambo kapena mayi, ndipo limachita kutchula kuti khoti liganizire kufunika koti mwana wamng'ono akhale ndi mayi ake, kuti ana apachibale asamagawidwe ngati n'kotheka, kuti mwana yemwe wayamba kuzindikira amvedwe maganizo ake, komanso kuti chisamaliro chomwe mwana anazolowera chisamangodukizidwa. Nde tayang'anani nkhani yanuyi. Ana agawidwa, wina ali ndi inu awiri ali kumudzi. Bambo amene akuti ana ndi angawo sakukhala nawo n'komwe, akawatula kwa agogo iwo ali m'tauni ndi mkazi watsopano. Sukulu yadukizidwa. Zonsezi woweruza amaziona. Ndalama zomwe bambo ali nazozo ku khoti ndi chifukwa chowauzira kuti azipereka chithandizo, sizikhala chifukwa chowapatsira ana.

Koma mfundo ija yoti chisamaliro chisadukizidwe ikhoza kukutembenukirani mukachedwa, ndipo apa mundimvetse bwino. Lero papita mwezi umodzi, aliyense akuona kuti anawa achita kuzulidwa pomwe amakhala. Mukakhala chaka kapena zaka ziwiri mukudikira kuti mwina bambo asintha mtima, agogo akhala atawalembetsa sukulu kumudziko, apeza anzawo, azolowera, ndipo tsiku lomwe mudzafike ku khoti woweruza adzakufunsani kuti nthawi yonseyi munali kuti mayi, kenako adzazengereza kuwasamutsanso kachiwiri. Anthu amati mlandu suwola, eya suwola, koma ana amakula ndipo amazolowera pomwe ali.

Chomwe ambiri sadziwa n'choti simukuyenera kudikira kuti banja lithe kaye kuti mupemphe ana ndi chithandizo chawo. Imeneyi ndi nkhani payokha, mukhoza kuyiyamba mawa olo musanaganize ngati banjalo mukulifunabe kapena ayi. Ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu kuli makhoti a ana, Child Justice Court, ndipo m'maboma momwe mulibe khoti lotere majisitireti wa pabomapo amamva nkhanizi. Mukafika funsani kwa akalaliki, auzeni kuti ndabwera kudzasuma kuti ana anga abwerere kwa ine komanso bambo awo azipereka chithandizo. Adzakulemberani chisamani, pamakhala kandalama kolipira ndipo mulandire lisiti la boma, chisamanicho chimapita kwa bambo ndi tsiku loti mudzakumane. Ku khoti la majisitireti anthu ambiri amayankhula okha popanda loya, m'Chichewa chomwechi, nde kusowa loya kusakutsekereni panjira. Mukadzaima pamaso pa woweruza pemphani kuti pomwe mlandu ukumvedwa apereke lamulo loyembekezera loti ana abwere kapena muziwaona, chifukwa milandu imatha kutenga miyezi ndipo ana sangakhale osapita kusukulu nthawi yonseyo.

Sindikukulonjezani kuti poti ndinu mayi basi mwapambana kale, ayi, woweruza adzakufunsani mafunso enieni ndipo mupite mutawakonzekera. Kwa achemwali anuko kuli zipinda zingati, anawo azigona pati, alamu anu avomera kuti abwere? Inu mukalawira kumsika ndi belo la kaunjika mwana wa zaka 6 azitsala ndi ndani, nanga sukulu azipita iti, ndi kutali bwanji? Musachite manyazi ndi geni yanu, kugulitsa kaunjika ndi ntchito, nenani momveka kuti pa sabata ndimapeza mwakuti ndipo ndakhala ndikudyetsa anawa ndi ndalama imeneyi. Ngati mukuganiza zopeza kanyumba ka lendi nenaninso, mtengo wake ndi dera lake. Nthawi zina khoti limatuma a Social Welfare kuti akaone komwe inu mukukhala ndi komwe ana ali pano n'kulemba lipoti, nde ndi bwino inuyo muyambe mwapita nokha ku ofesi yawo ya m'boma lanu kukafotokoza, akudziweni nkhope ndipo alembe tsiku lomwe munadandaula. Achemwali anu akhale okonzeka kukaima ngati mboni kuti anawa ndawalola kukhala pakhomo panga.

Chinthu chimodzi ndikupempheni, musatenge achimwene anu kupita kumudziko usiku kukalanda ana mwa ndewu. Ndikudziwa mtima ukufuna zimenezo koma zikathera pa chipongwe ndi mabala nkhani imasanduka ya polisi ndipo amene amaoneka woipa ndinu. Pitani masana, mwaulemu, ndi nkhoswe yanu kapena munthu wamkulu, dzerani kwa amfumu, pemphani kuona ana anu. Akakulolani zili bwino, aoneni mmene alili, ngati adwala kapena aonda muone ndi maso anu. Akakukanizani lembani tsiku, amene anakana ndi amene analipo. Mwina apongozi adzakuuzani za mwambo, kuti munali pa chitengwa kapena kuti kwathu kuno timalowola nde ana ndi a kuchimuna, monga zimakhalira kumpoto ndi ku Nsanje kapena Chikwawa. Mwambo timaulemekeza koma suposa malamulo aakulu a dziko, gawo 23 la malamulowo limaika ubwino wa mwana patsogolo pa chiganizo chilichonse chomukhudza. Ndipo zimagwira mbali zonse, nawonso akuchikazi a chikamwini sangangoti ana ndi a malume bambo asawaone.

Tsopano chithandizo. Apa ndi pomwe amayi ambiri amadzipweteka okha, woweruza akafunsa kuti mukufuna ndalama zingati iwo amati "aweruze okha a khoti" kapena "iliyonse yomwe angakwanitse", mapeto ake kumatuluka kandalama koti sikagula ndi thumba la chimanga lomwe. Tengani pepala la m'kope usiku uno mulembe zonse zomwe ana atatu amadya ndi kugwiritsa ntchito pa mwezi, ufa, ndiwo, shuga, mafuta ophikira, sopo wochapira ndi wosambira, makala, madzi, phala la wamng'onoyo, makope ndi zolembera, yunifolomu, nsapato, mankhwala akadwala, gawo la lendi, chilichonse ndi mtengo wake weniweni wa kumsika lero. Pepala limenelo mukalipereke. Nenaninso zomwe mukudziwa za mapezedwe a bambo, komwe amagwira ntchito, ngati ali ndi minibasi, njinga za kabaza, golosale kapena nyumba za lendi, chifukwa ku khoti abambo ambiri amasanduka amphawi tsiku lomwelo. Lamulo limati makolo onse awiri ali ndi udindo nde inunso nenani mbali yomwe muzikwanitsa, zimakupatsani ulemu pamaso pa woweruza. Pemphani kuti fizi ndi za chipatala zilembedwe pazokha, tsiku loperekera litchulidwe, ndipo ndalama zizidzera njira yosiya umboni, kaya ku khoti konko, kaya ku banki, kaya Airtel Money kapena Mpamba, osati zopatsirana pamsewu zomwe mawa munthu adzati ndinapereka. Ngati ali pa ntchito yolembedwa khoti lili ndi mphamvu yolamula kuti azidulidwa kumalipiro. Ndipo chigamulo cha chithandizo chimatha kusinthidwa, taganizani amayi omwe anagamulidwira ndalama kwacha isanagwe ndi 44% mu November 2023, ndalama ija lero ikugula chani, ambiri sadziwa kuti akhoza kubwerera ku khoti lomwelo kukapempha kuti ikwere. Akasiya kupereka bwererani ku khoti ndi nambala ya fayilo yanu, musakalalate kuntchito kwawo, akachotsedwa ntchito ovutika ndi ana omwewo.

Za chinkhoswe mtima ukhale m'malo, ndinu mkazi wapabanja pamaso pa lamulo. Lamulo la maukwati la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, limavomereza ukwati wa kwa DC, wa mwambo, wa chipembedzo, komanso wa anthu omwe angokhala limodzi nthawi yaitali mpaka aliyense kumawadziwa ngati banja, ndipo limati onsewa ndi ofanana mphamvu. Wotsirizawu ndi umene uli ndi kantchito, khoti limayenera kuuvomereza kaye ndipo anthuwo akhale atakhalira limodzi zaka zosachepera 5, koma inu simuli m'gulu limenelo, inu muli ndi ankhoswe mbali zonse ziwiri ndipo ankhoswewo ndiwo umboni wanu olo setifiketi mulibe. Zithunzi za tsiku la chinkhoswe ngati zilipo sungani. Ena amene akuwerenga omwe anakwatirana chaka cha 2015 chisanafike afunse bwino kwa loya chifukwa mbali zina za ukwati wawo zimayendera malamulo akale.

Kuthetsa banja kapena kusathetsa ndi chisankho chanu, ine sindingakusankhireni ndipo wina asakukakamizeni. Mukafuna kutero, ukwati wa chinkhoswe umathera ku khoti la majisitireti, pomwe wa kwa DC nthawi zambiri umapita ku High Court komwe kuli nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye. Woweruza amafuna aone kuti banjali lasweka moti silingakonzekenso, ndipo amamva zifukwa monga nkhanza, chigololo ndi kusiyidwa. Ndikuuzeni zoona, pa ukwati wa mwambo kutenga mkazi wachiwiri pakokha si mlandu monga zilili pa ukwati wa kwa DC, nde musatsamire pa mkazi winayo yekha, nenani za kukutulutsani m'nyumba, kukubisirani ana ndi kusiya kukusamalirani. Ankhoswe adzafunsidwa ngati anayesa kukukhazikani pansi, nde ayeseni ndithu, ndipo mbali inayo ikakana kubwera nkhoswe yanu ikanene zimenezo. Koma samalani ndi zokambirana za pakhondezi. Ndaonapo amayi atabwera ndi kapepala kolembedwa pamanja pamaso pa ankhoswe kapena amfumu koti "ine uje ndalandira ndalama mwakuti ndi ziwiya zanga, sindidzafunanso kanthu", anasaina akulira atapanikizidwa ndi anthu asanu ndi awiri, ndipo kapepalako kamadzawavutitsa pa nkhani ya katundu. Musasaine kapena kudinda chala pa chilichonse musanachionetse munthu wodziwa malamulo, ingonenani kuti ndikaganize kaye. Chisudzulo cha kumudzi chili ndi malo ake pa mwambo, koma pepala lomwe mungadzagwiritse ntchito kukakamiza munthu kupereka ndalama kapena kugawa nyumba ndi chigamulo cha khoti basi.

Nyumba ija. Dzina kukhala la bambo pa mapepala sikuti nkhani yathera pomwepo. Gawo 24 la malamulo aakulu limapatsa mayi ufulu wogawiridwa mwachilungamo katundu yemwe anali wa onse awiri banja likatha, ndipo lamulo la 2015 lija limauza khoti kuti pogawa liwerengere zomwe aliyense anathandizira, za ndalama ngakhalenso ntchito za pakhomo, kuphika, kuchapa, kulera ana. Mu 2020 High Court ku Blantyre inafika pogamula kuti mayi amene anavutikira mwamuna wake ali pa sukulu mpaka kupeza digiri, kenako n'kusiyidwa, ayenera kulipidwa chifukwa cha thandizo lakelo. Nde thukuta la mayi makhoti athu akuliona. Komabe musamve za anthu zoti banja likatha chilichonse ndi pakati n'pakati, si mmene zimayendera nthawi zonse, oweruza amafuna aone kuti katunduyo munamupezadi ngati wa nonse komanso inu munaikapo chani, ndipo apa amene ali ndi umboni ndi amene amatuluka bwino.

Umboni wanu ulipo wambiri kuposa mmene mukuganizira, ungofunika kuutolera msanga anthu asanayambe kuiwala kapena kuopa. Ku banki mkhonde kuli kabuku kanu ka masheya ndipo alembi ali ndi kope lalikulu lomwe linalembedwa tsiku lomwe munatenga ngongole kapena kulandira gawo lanu pogawana, pemphani mujambule masamba amenewo pa foni ndipo mufunse alembi kapena asungichuma ngati angakaime kunena kuti mayiwa anatenga ndalama mwakuti akuti akagule malata. Lisiti la ku hadiweya ngati linatayika, mwina amene ananyamula malatawo pa ngolo kapena pa galimoto mukumudziwa. Mmisiri amene anakhoma denga akukumbuka amene ankamulipira ndi amene ankamuphikira nsima pa saiti. Oumba njerwa akudziwa amene ankatunga madzi. Amene anakugulitsani puloti ndi mfumu ya m'deralo akudziwa ngati munabwera awiri. Ngati munkatumiza ndalama kwa bambo pa foni kuti agule simenti, pitani ku ofesi ya Airtel kapena TNM ndi chiphaso chanu mukapemphe sitetimenti. Kenako lembani katundu yense wa m'nyumbamo mmodzimmodzi, mipando, bedi, firiji, TV, njinga, mbuzi za kumudzi, chaka chomwe munagula ndi komwe ndalama inachokera, osaiwala ngongole zomwe munatenga chifukwa cha banja zomwe pano akukulondolani nazo nokha.

Choopsa chachikulu ndi choti nyumbayo igulitsidwe kapena isinthidwe dzina mlandu usanathe, zimachitika, mumangomva kuti mwalowa anthu ena. Mukangomva mphekesera zotere thamangani mukapemphe chiletso ku khoti. Ngati puloti ili ndi title deed, pepala la boma losonyeza mwini malo, loya akhoza kukaika chenjezo ku ofesi ya Lands kuti isasinthidwe mwini, ngati ndi ya kwa amfumu alembereni kalata amfumuwo kuti malowa ali pa mlandu ndipo kope lina musunge. Dziwaninso kuti majisitireti akathetsa banja, nkhani ya nyumba ya title deed kapena katundu wa ndalama zambiri kawirikawiri amaitumiza ku High Court, ndipo kumeneko nde loya amafunikadi. Ngati kwanu ndi kwa chikamwini muuzenso loyayo ngati bambowa anakumangiraniko nyumba kumudzi kwanu, chifukwa makhoti akhala akulamula amuna kukwaniritsa udindo wa mwambo umenewu olo banja latha.

Simunanene ngati amakumenyani, koma kutulutsa mkazi ndi mwana wa zaka ziwiri m'nyumba n'kumumana chithandizo ndi nkhanza kale. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 silinena za zibakera zokha, limatchulanso nkhanza za m'maganizo ndi za pachuma, ndipo khoti likhoza kupereka lamulo lokutetezani kapena loti mubwerere kukakhala m'nyumbamo. Ngati kubwererako kungaike moyo wanu pachiswe musakakamire, chitetezo chanu choyamba. Ku polisi kuli Victim Support Unit, amathandiza kuitanitsa bambo ndi kukambirana, koma zomwe mwagwirizana kumeneko si chigamulo cha khoti, munthu akhoza kulonjeza pamaso pa apolisi mawa n'kusintha, nde musathere pomwepo. Ngati pali kumenyedwa pitani kuchipatala tsiku lomwelo mabala asanapole kuti lipoti lilembedwe, ku zipatala zazikulu ngati Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth kuli One Stop Centre komwe achipatala, apolisi ndi a Social Welfare amapezeka malo amodzi. Pa foni pali 5600 ya nkhanza ndi 116 ya ana, zonse zaulere.

Loya wa munthu wopanda ndalama alipo, ndi Legal Aid Bureau. Ili ndi bungwe la boma lomwe linayamba kugwira ntchito palokha mu 2015, ntchito yake ndi kuimira anthu omwe sangakwanitse loya wolipira, ndipo nkhani za mabanja, ana ndi katundu amazitenga. Ali ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu komanso m'maboma ambiri. Mukapita tengani chiphaso cha unzika, makadi a kusikelo kapena ziphaso zobadwira za ana, mayina ndi manambala a ankhoswe, pepala la bajeti lija, mndandanda wa katundu, ndi mbiri yanu yolembedwa mwachidule motsata masiku, tinakwatirana liti, puloti tinagula liti, ananditulutsa liti, ana anatengedwa liti. Adzakufunsani za mapezedwe anu kuti aone ngati mukuyenera thandizo lawo, yankhani zoona, ena amauzidwa kusonkhako kangachepe malinga ndi mmene amapezera. Maloya awo ndi ochepa poyerekeza ndi anthu omwe amabwera, nde musangosiya mapepala n'kukakhala kunyumba kudikira foni, lembani dzina la amene akuyendetsa nkhani yanu ndi nambala ya fayilo, funsani kuti ndibwerenso liti, ndipo tsikulo bweranidi. Ndipo pomwe mukudikira loya, za ana zija kayambeni nokha ku khoti, mudzangomuuza loyayo kuti fayilo ina ili uku.

Kupatula apo kuli mabungwe omwe amathandiza amayi pa malamulo monga Women Lawyers Association, WOLREC ndi WLSA, kuli a CCJP, bungwe la Akatolika loona za chilungamo ndi mtendere, omwe mukhoza kuwafunsira ku parishi ya Katolika olo si mpingo wanu, kuli ma paralegal, alangizi a zamalamulo, a bungwe la PASI, ndipo ku Zomba ophunzira malamulo a University of Malawi ali ndi kiliniki yothandiza anthu. Paralegal akhoza kukulangizani, kukuthandizani kulemba ndi kukulozerani khomo loyenera, koma si loya. Achibale akasonkha kuti mupeze loya wolipira, funsani mtengo tsiku loyamba, ulembedwe, mudziwe ngati ndi wa mlandu wonse kapena mbali imodzi, ndalama iliyonse ikhale ndi lisiti, ndipo a Malawi Law Society amatulutsa mayina a maloya omwe ali ndi chilolezo chaka chimenecho nde mukhoza kufufuza. Chenjerani ndi madobadoba ozungulira pa makhoti, ovala jekete atanyamula chikwama, oti "mayi ndipatseni kenakake ndikaonane ndi bwana nkhani yanu iyende". Ameneyo akudyerani ndalama ya mpamba wa geni yanu ndipo akhoza kukuikani m'mavuto a ziphuphu inuyo.

Tsiku la khoti musajombe, olo mvula igwe olo thiransipoti ivute, mukalephereratu tumizani uthenga kwa akalaliki, chifukwa mlandu umatha kuchotsedwa wodandaula akapanda kubwera. Poyankhula yang'anani woweruza, bambo akamanama musawadule, sungani mu mtima kapena lembani, nthawi yanu yowafunsa mafunso idzakwana ndipo mudzafunse zachindunji, malata anagula ndani, ana ali kuti lero, mwawaona liti komaliza. Ana musawaphunzitse zokanena, oweruza amazindikira msanga ndipo mwanayo mumamusenzetsa katundu wosayenera msinkhu wake. Mameseji ndi ma voice note a bambo, makamaka oti simudzawaonanso ana, musafufute, tumizaninso pa foni ya achemwali anu kuti foni ikatayika asapite nayo. Inuyo pa WhatsApp ndi Facebook dzigwireni, musatukwane mkazi winayo, zimenezo zimajambulidwa n'kubwera nazo ku khoti. Ana akapatsidwa kwa inu bambo adzakhalabe ndi ufulu wowaona pokhapokha khoti litaona choopsa, ndipo musadzawabisire ana chifukwa sanapereke ndalama, zimenezi ndi nkhani ziwiri ndipo anawo amawafunabe bambo awo. Chigamulo chikatuluka pemphani kope lolembedwa lokhala ndi chidindo, ndipo ngati simunakhutire funsani za apilo ku High Court tsiku lomwelo chifukwa masiku ake amakhala owerengeka.

Ngati makadi a kusikelo, malipoti a kusukulu ndi kabuku ka banki mkhonde zinatsala m'nyumba muja, musakathyole chitseko, pemphani a Victim Support akuperekezeni mukatenge pamodzi ndi zovala zanu ndi katundu wanu wa geni. Mudzerenso kusukulu komwe ana awiriwo amaphunzira, ahedi akulembereni kalata yonena makalasi awo, tsiku lomwe anasiya kubwera ndi kholo lomwe limabwera ku misonkhano, ndipo muwapemphe kuti malo a anawo awasungire kaye chifukwa nkhani ili ku khoti.